Khanda m'nyumba, mpikisano uli pafupi: anzanga munatha bwanji?

Chilomoni_42:
Abale anga a pagulu, ena mwakhala mukundifunsa kuti ndasowa bwanji Loweruka m'mawa. Sindikudwala ayi. Madamu anachira, tinalandira mphatso ya mwana wamkazi, ndipo pano ali ndi masabata 7. Onse awiri ali bwino, tikuthokoza Mulungu.

Chimene chandivuta ndi kuthamanga. Mukudziwa kuti chaka chino ndimafuna Porters Race, mpikisano wothamanga m'phiri la Mulanje, mu July, kenako marathon yonse chaka chisanathe. Koma mwanayu usiku ndiye usana wake. Akayamwa ndimugeyetse, ndiyendeyende naye mpaka agone, ndikangoti nditseke maso alamu ya 4 koloko yalira. Masiku ena ndimadzikakamiza kutuluka, koma pofika ku Namiwawa miyendo yakana kale. Masiku ena ndikamamanga zingwe za nsapato madamu sayankhula kanthu, amangondiyang'ana. Apongozi anabwera kudzatithandiza koma akubwerera kumudzi kumapeto kwa mwezi uno, chimanga chikuwadikira kumunda.

Inu amene munadutsamo, munatani? Ndisiyiretu kaye mpaka mwana akule? Ndikuopa kuti ndikasiya mimba ija ibwerera, ndipo mukuikumbukira mmene inalili.

NdirandeExpress:
Mafuno abwino amwene! Takulandirani ku timu ya osagona. Wanga ali ndi zaka ziwiri koma amandidzutsabe, ndiye musayembekezere kuti zitha mawa.

Phwiti:
Nsapatozo ndi saizi chani? Ndikufunsira mnzanga.

Bondo_Lamanzere:
Achimwene, choyamba chotsani maganizo akuti njira zilipo ziwiri zokha, kusiyiratu kapena kupitiriza monga kale. Pakatipa pali malo ambiri. Ine ndili ndi ana atatu ndipo onse anabadwa ndikuthamanga.

Thupi silitaya mphamvu msanga ngati mmene timaopera. Mukachepetsa masiku, koma masiku otsalawo n'kumathamanga mwamphamvu ndithu, zambiri zimene munamanga zimakhalapobe kwa miyezi ingapo. Ndiye katatu pa sabata, mphindi 30 kapena 40, ndipo kamodzi mwa katatuko mupeze chitunda muzikwera n'kutsika. Inu a ku Chilomoni zitunda simusowa, Michiru ali pakhomo penipeni. Chimene chimachoka ndi kupirira kwa maola atatu kuja, koma chimenecho chimabwerera mukayambiranso.

Marathon yokha muiiwale chaka chino. Makilomita 42.195 sanamizika. Pamafunika miyezi pafupifupi inayi yokonzekera, ndi maulendo aatali a makilomita 28, 30 mpaka 32 kumapeto kwa sabata, ndipo minofu imene mwaivutitsa pamsewu imakonzeka mukagona. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 kapena kuposa. Inu mukupeza angati? Bondo limene mumanditchulira nalo pagulu panoli linayamba chaka chimene mwana wanga wachiwiri anabadwa.

Mjomba_wa_Limbe:
Ana inu mumandidabwitsa. Kuyambira liti mwamuna kumachezera ndi khanda? Ife ana athu anakula bwinobwino, thewera sitinaligwirepo. Mayi ake ali pomwepo, apongozi ali pomwepo, iwe ntchito yako ndi kusaka ya sopo ndi makala. Usiku uzigona pabalaza, m'mawa uzidzuka kukathamanga mphwanga. Ukapitiriza zimenezi anthu ayamba kunena kuti unadyetsedwa khuzumule.

MakeTada:
Mjomba, ndi ulemu wonse, matewera amene simunawagwirewo alipo amene ankachapa. Mukawafunse amayi akunyumba kuti zaka zimenezo ankagona maola angati.

Bambo a mwana, ine ndimathamanga ngati inu nomwe, half marathon (theka la marathon, makilomita 21) ndamalizapo kangapo, komanso ndine mayi wa ana awiri. Ndikuuzeni chimene kuyang'ana kuja kukutanthauza, chifukwa si nsanje ya kuthamanga. Inu mukamati ndikutuluka kwa maola awiri okha, iwo akuwerenga zina. Mubwera cha m'ma 7, musamba, mufuna tiyi ndi mbatata, mukhala pampando kutumiza chithunzi cha wotchi yanu pagulu pano, muyankha aliyense amene wakuyamikirani, kenako mugona mpaka masana chifukwa mwatopa. Madzulo mukuyenda motsimphina, madzi asiya kutuluka koma chigubu simungachinyamule. Ulendo wa maola awiri wadya Loweruka lonse. Ndipo Loweruka limenelo ndi tsiku limene mayiyo wakhala akulidikira kuyambira Lolemba kuti mwina apeza womulandira mwana n'kusambako modekha.

Nthawi imene mukuthamangayo simukuitola pansi, mukuitenga kwa munthu. Muzipempha, ndipo muzibweza.

Phwiti:
Adimini, MakeTada achotsedwe pagulu. Akuulula zinsinsi za dziko.

NdirandeExpress:
Za chithunzi cha wotchizo zandilasa ine. Ndangoyang'ana kumbuyo ngati madamu akuwerenga nawo.

Mjomba_wa_Limbe:
Mayi, ine sindikutsutsa kuti mkazi amatopa. Ndikunena kuti makolo anali ndi dongosolo. Mkazi akachira amakhala m'chikuta, azimayi anzake ndi amene amamuzungulira, kumuphikira, kumuthira madzi otentha. Mwamuna samayandikira n'komwe. Zinali zolakwika?

MakeTada:
Sizinali zolakwika mjomba, chifukwa azimayi omuzungulirawo analipo. Kumudzi kuli agogo, azakhali, alamu, achemwali, nyumba zoyandikana. Kuno m'tauni tikukhala nyumba za lendi, woyandikana naye amalawira ku geni, mlongo wako ali ku Lilongwe. Apongozi akakwera minibasi kumapeto kwa mwezi, m'nyumbamo mutsala anthu akuluakulu awiri basi. Mmodzi akagona pabalaza, winayo watsala yekha. Ndiponso chikuta chimatha mchombo ukagwa, mwana uyu ali ndi masabata 7.

Namwino_Soche:
Ndiyankhuleko mbali yanga. Mwana wa msinkhu umenewu amayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku, usiku womwe, ndipo tikulimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi mpaka miyezi 6, osamupatsa madzi kapena phala. Ndiye kudzukako sikuti mwana wavuta, ndi mmene zimayenera kukhalira. Nthawi zambiri pakatha miyezi itatu kapena inayi ana ena amayamba kugona nthawi yotalikirapo usiku, koma ana amasiyana, musachite kulemba tsiku pa kalendala.

Bambo sangayamwitse, koma zotsalazo angathe zonse. Kumugeyetsa, kusintha thewera, kumutonthoza, kumugoneka. Mabanja ena amagawana usiku. Mayi akayamwitsa cha m'ma 8 amakagona, bambo amakhala ndi mwana mpaka pakati pa usiku, akafuna bere amangomubweretsa n'kumutenganso. Kuyambira pamenepo mayi ndi amene amadzuka, bambo amagona mosadukiza. Aliyense amapeza maola angapo otsatizana, ndipo tulo totsatizana timapumitsa kuposa toduladula.

Musaiwalenso sikelo. Katemera wa masabata 6 ndikukhulupirira analandira, kwatsala wa masabata 10 ndi 14. Tsiku la katemera ana ambiri amatentha thupi pang'ono ndi kuliralira usiku, choncho m'mawa wake musakonze ulendo wautali. Ndipo muzipita nawo kusikeloko, abambo timawaona ochepa kwambiri pabenchi paja.

Chomaliza ndi chofunika kuposa zonsezi. Ngati mayi akumakhala chete kwambiri, kulira popanda chifukwa, kusafuna kudya, kulephera kugona ngakhale mwana atagona, kapena kunena kuti palibe chimene akuchita bwino, musati ndi ulesi kapena mkwiyo. Pali matenda a kukhumudwa amene amagwira amayi ena akachira, ndipo amachizika. Pitani nawo kuchipatala. Munthu amene amatuluka kusanache n'kubwera kutada amakhala womaliza kuzindikira zimenezi.

ZaPantchito:
Kodi tchuthi munatenga? Ambiri sakudziwabe kuti kuyambira pamene lamulo la za ntchito linasinthidwa mu 2021, bambo ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata osachepera awiri mwana akabadwa, malipiro onse osadulidwa, kamodzi pa zaka zitatu. Mayi ndi masabata osachepera 8, kamodzinso pa zaka zitatu.

Chilomoni_42:
Ndinatenga achimwene, chinatha ndisanachione. Masabata awiriwo anathera kuthamangira kuchipatala, kumsika ndi kulandira alendo odzaona mwana.

Ginnery_Corner_Boy:
Inu muli ndi mwayi. Ine nditapempha abwana anga anaseka n'kundifunsa ngati wachira ndi ineyo. Ndinachita kuwasonyeza pafoni ndiye anasaina mokwinya nkhope.

AnkoloAkuBangwe:
Ine ndikuona ngati tikumufooketsa mnyamatayu. Eliud Kipchoge, katswiri wa ku Kenya, ali ndi mkazi ndi ana atatu, koma anathamanga marathon mu 2:01:09 ku Berlin mu 2022. Akanamamvera nkhani za matewerazi bwenzi tikumudziwa? Kufuna ndiye kumapeza njira.

Bondo_Lamanzere:
Ankolo, Kipchoge pa nthawi yokonzekera amakhala ku kampu ku Kaptagat mkati mwa sabata, banja lili ku Eldoret, amapita kunyumba kumapeto kwa sabata. Kumeneko amathamanga, kudya, kugona masana, kuthamanganso. Ndiyo ntchito yake, ndiyo imadyetsa banjalo. Achimwene athuwa akathamanga m'mawa, 8 koloko akufunika pa desiki ku Limbe, ndipo akamaliza mpikisano amabwera ndi mendulo ndi tisheti. Musawafanizire.

Phwiti:
Ndi botolo la madzi. Musaiwale botolo la madzi.

Chiperoni_Girl:
Ngati tikutchula akatswiri, tiyeni titchule amene anaberekadi. Paula Radcliffe anachira mu January 2007 n'kupambana New York Marathon mu November chaka chomwecho. Faith Kipyegon anabereka mu 2018, n'kudzatenganso golide wa mamita 1500 pa masewera a Olimpiki ku Tokyo mu 2021 komanso ku Paris mu 2024. Jasmin Paris mu 2019 anapambana Spine Race ku Britain, mtunda woposa makilomita 400 m'nyengo yachisanu, kuposa amuna onse, akufinya mkaka wa mwana wake m'malo opumira. Ndiye abambo akamadandaula tulo ine ndimangoseka.

MakeTada:
Zoona achemwali, koma nthawi yonse imene amayi amenewo anali pamsewu, alipo amene anali atanyamula mwana kunyumba. Tikubwerera pomwe paja. Funso langa kwa abambo a pagulu pano ndi lakuti, madamu anu atati nawonso akufuna maola atatu Loweruka lililonse, kaya kukwaya, kaya kusaluni, kaya kungogona chitseko chotseka, mungavomere?

AnkoloAkuBangwe:
Kukwaya ndingavomere. Kugona masana ayi, ndi ulesi.

Chiperoni_Girl:
Ankolo, inu simuja munatiuza kuti mukabwera ku ulendo wa ku Chigumula mumagona mpaka mpira utayamba?

Minibasi_Sindikwera:
Ine yankho langa ndi losavuta ndipo landithandiza kuyambira pamene mapasa anga anabadwa. Thamangani pochokera kuntchito. Nthawi imene mumaima pa siteji ku Limbe kudikira minibasi idzaze, kenako kukhala pa mzere wa magalimoto pa Chipembere Highway, kutsika m'tauni n'kukweranso ina ya ku Chilomoni, nthawi imeneyo ndi yotayika kale. Sinali ya madamu, sinali ya mwana. Mukaithamanga palibe amene mwamulanda kanthu, ndipo ya thiransipoti yobwerera yatsala m'thumba, mugulira matewera.

Njira yake ndi yabwinonso. Kuchoka ku Limbe kudzera ku Maselema, Chichiri, Ginnery Corner mpaka pa Clock Tower nthawi zambiri mukutsetsereka chifukwa Limbe ali pamwamba. Ntchito yeniyeni imayamba mukadutsa m'tauni kulowera ku Namiwawa. Masiku ena pa highway ndimadutsana ndi minibasi imodzimodzi kangapo, kondakitala mpaka anandizolowera, amandikuwira kuti abwana kwerani tikuchotserani. Zovala zakuntchito ndimasiya mu kabati, Lachisanu ndimazitenga zonse pamodzi. Pamsana kachikwama kakang'ono, foni, makiyi ndi chiphaso basi.

Mukafika kunyumba musambe msanga, mulandire mwana. Osakhala pansi kaye. Mukakhala pansi mwatha.

NdirandeExpress:
Nzeru imeneyo ndi yabwino koma tikulowa m'nyengo yozizira. June ndi July dzuwa limalowa isanakwane n'komwe hafu 5 bwinobwino, ukaweruka 5 koloko theka la njira uli mumdima. Onjezerani chiperoni, oyendetsa galimoto sakuona patali, njinga zamoto za kabaza zikudutsa mbali zonse.

Minibasi_Sindikwera:
Ndiye 4 koloko m'mawa kumakhala kowala? Madzulo bola pamsewu pali anthu. Valani chovala chonyezimira chija amavala a kabaza, chimapezeka mumsika, ndipo muzithamanga moyang'anana ndi magalimoto. Zomvera nyimbo m'makutu ayi.

Ginnery_Corner_Boy:
Za m'mamawazo musandikumbutse. Chaka chatha anyamata awiri ananditulukira pa kamlatho kena kusanache, foni inapita, ndinabwerera kunyumba ndi sokosi zokha. Kuyambira pamenepo ndekha sindituluka kunja kusanayere.

Phwiti:
Anakulandani nsapato inu wothamanga? Simunawathawe bwanji?

Ginnery_Corner_Boy:
Unali ulendo wobwerera aise, mpweya unali utatha.

AnkoloAkuBangwe:
Kwathu kuno vuto ndi agalu. Anthu amawamasula usiku n'kuiwala kuwamanga m'mawa. Ndimayenda ndi miyala iwiri m'manja ngati ndikupita kokaswa mtedza.

Namwino_Soche:
Ankolo, galu akakulumani musadikire kuona ngati bala lipola. Tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

NdirandeExpress:
Poti tatchula nsapato, alipo amene waona belo yabwino ya nsapato zothamangira posachedwapa? Ku Limbe ndinazungulira Loweruka ndinangopeza zakutha pansi. Za pakaunjika muziyang'ana chidendene ndi kupinda pakati, zina zimaoneka zatsopano pamwamba koma siponji yake inafa kalekale.

Phwiti:
N'chifukwa chake ndinafunsa saizi poyamba paja. Anthu munandiona ngati wopanda chisoni.

Adimini:
Abale, nkhani ya nsapato ndi agalu ili ndi tsiku lake. Tibwerere kwa bambo a mwana.

Sunnyside_Jogger:
Bwanji osagula ngolo ya mwana yothamanga nayo ija ya matayala atatu? Kunja abambo ambiri amatero, mayi amapuma, mwana amapitidwa mphepo, iwe ukuthamanga. Onse apindula.

Namwino_Soche:
Osati pa masabata 7. Khosi la mwana silinalimbe, mutu sangaugwire yekha, ndipo kugwedezeka n'koopsa pa msinkhu umenewu. Malangizo ambiri amati mudikire mpaka miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo ngakhale pamenepo pakhale posalala. Ndipo ndisamve kuti wina wabereka mwana kumbuyo ndi chitenje n'kumathamanga naye.

NdirandeExpress:
Posalala mu Blantyre muno ndi pati? Kwathu ku Ndirande ngoloyo ingathe tsiku limodzi. Mbali mwa msewu muli ngalande, ogulitsa tomato ndi minibasi yoima.

MakeTada:
Kuthamanga naye ayi, koma kuyenda naye inde. Bambo a Tada ankamubereka mwana ndi chitenje Lamulungu masana n'kumayenda naye mtunda ndithu, ine ndikugona. Anthu ankawaseka m'njira, azimayi ena mpaka kuwaimitsa kuti awamangire bwino. Mwanayo ankagona tulo tabwino kuposa pabedi. Kuyenda mofulumira ndi katundu pamsana pa zitunda zathuzi ndi masewera okwanira, funsani aliyense amene anasenzapo thumba la ufa kuchokera kuchigayo.

Mjomba_wa_Limbe:
Chitenje ndiye ayi. Pamenepo ndatuluka.

Likhubula_Boy:
Ndiyankhepo za Porters Race chifukwa ndine wa konko ndipo ndathamangapo. Anthu a m'tauni mumaiona ngati half marathon chifukwa makilomita ake angopitirira 20 pang'ono. Si choncho. Mukangochoka pa Likhubula, poyambira mpikisanowu, mukuyamba kukwera kulowera ku Chambe, ndipo kukwera kwake n'kogwira mawondo ndi manja. Pamwamba mudutsa kupita ku Lichenya, kenako kutsika kubwerera ku Likhubula. Kutsikako ndi kumene kumavulaza anthu. Miyala, mizu, ndipo July kukakhala chiperoni pamaterera. Pamafunika maso akuthwa ndi miyendo yomvera msanga. Munthu amene wakhala miyezi itatu osagona bwino amaponda mochedwa pang'ono pokha, ndipo pang'ono pamenepo ndi pamene bondo kapena kakolo amapita.

Mpikisanowu unayamba ngati wa anyamata onyamula katundu wa alendo m'phirimo, anthu amene amakwera njira zimenezi sabata ndi sabata. Iwo ndi amene amakhala kutsogolo. Enafe timangofuna kumaliza tili athunthu. Ngati mukufunitsitsa, bwerani koma muiwale za nthawi, mukwere moyenda, mutsike mosamala. Koma ganiziraninso kuti ndi tsiku lathunthu. Kunyamuka ku Blantyre usikusiku kapena kukagona konko, kubwerera madzulo, ndipo masiku awiri otsatira masitepe mukutsika chammbali. Mwana adzakhala ndi miyezi inayi yokha. Phirili silisamuka, chaka chamawa lidzakhalapo.

Bondo_Lamanzere:
Ndikugwirizana nazo. Chaka chino sankhani za makilomita 10, mwina half marathon imodzi kumapeto kwa chaka ngati mwana wayamba kugona. Makilomita 10 mungawakonzekere ndi mphindi 40 zija, ndipo mwina mudzadabwa kuti liwiro lakwera chifukwa mwasiya kukwawa maola atatu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, achimwene.

AnkoloAkuBangwe:
Koma abale tisaiwale kuti kwa ena a ife kuthamanga si mendulo. Ine ndinayamba adokotala atandiuza za BP ndi shuga. Ndinasiya mowa chifukwa cha kuthamanga. Mnyamatayu akunena za mimba mukuseka, koma akasiya n'kubwerera kumene anachokera, phindu lake kwa mwanayo n'chiyani? Bambo wokwiyakwiya wokhala m'nyumba tsiku lonse saposa bambo amene watuluka ola limodzi n'kubwera akuseka.

MakeTada:
Apa ndiye mwayankhula ankolo, ndipo palibe amene wanena kuti asiye. Inenso ndikapanda kuthamanga sabata yathunthu ana amandithawa. Ola limodzi ndi lake, alitenge. Ndikukana zoti ola limodzi lizisanduka tsiku, komanso zoti munthu azingotuluka ngati m'nyumbamo muli wantchito wa boma wolandira mwana.

Namwino_Soche:
Za thanzi zokha, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata ngati ndi apakatikati, kapena 75 mpaka 150 ngati ndi amphamvu monga kuthamanga. Katatu ka mphindi 40 kaja kakukwana kale. Zoposa pamenepo ndi za mpikisano, osati za BP.

Chilomoni_42:
Ndawerenga zonse abale, zikomo. Dzulo usiku ndinawapatsa madamu foni kuti awerenge okha. Atafika pa MakeTada anaseka mpaka mwana anadzuka, kenako anafunsa ngati mayi ameneyu amakhala m'nyumba mwathu.

Tinakambirana nthawi yaitali. Akuti kuthamangako alibe nako vuto, anandipeza ndikuthamanga kale. Chimene chimawapweteka ndi nthawi yake. Mwana amagona bwino kwambiri kuyambira cha m'ma 4 mpaka 6 m'mawa, ndiye alamu yanga, kutsegula chitseko ndi kusakasaka sokosi mumdima zimamudzutsa, ine n'kutuluka, iwo n'kutsala naye akulira. China ndi chimene ananena MakeTada, Loweruka.

Tagwirizana chonchi. Alamu ya 4 koloko yatha. Lachiwiri ndi Lachinayi ndizithamanga pochokera ku Limbe monga ananenera a Minibasi_Sindikwera, chovala chonyezimira ndigula mawa. Loweruka m'mawa mwana ndi wanga mpaka 10 koloko, iwo agone, ndizingowabweretsera akafuna kuyamwa. Ulendo wotalikirapo ndi Lamulungu masana tikabwera kutchalitchi, osapitirira ola ndi theka, ndipo ndikabwera kusambitsa mwana ndi kwanga. Akayambiranso kupita kukwaya Lachitatu madzulo, ndizifika msanga. Marathon ndaichotsa. Za Porters Race anati tidzaone June akamatha, koma mmene ananenera ndikuona ngati yankho ndalimva kale.

Apongozi atamva kuti Loweruka ndizikhala ndi mwana anangoti tidzaone, n'kupitiriza kusankha nyemba.

Likhubula_Boy:
Mukalephera kuthamanga bwerani nonse atatu mudzaonerere pa Likhubula, anthu amadzaza ndithu. Mwana mumufunditse bwino, kumazizira.

Mjomba_wa_Limbe:
Ine ndanena zanga mphwanga. Koma Lamulungu masana dzuwa, udzandiuza ikafika October.

Bondo_Lamanzere:
Ikamafika October mwana adzakhala ndi miyezi 7 mjomba, adzakhala atayamba phala, dongosolo lidzasinthanso. Zimenezi sizikhala chimodzimodzi miyezi iwiri yotsatizana. Akayamba kumera mano mudzakambirananso, madamu akabwerera kuntchito mudzakambirananso.

NdirandeExpress:
Lamulungu masanalo ndikhoza kukuperekezani, inenso m'mawa wa Loweruka wayamba kuvuta kunyumba. Tikumane pa Kamuzu Stadium 3 koloko?

Chiperoni_Girl:
Mwaona? Amene amati alibe vuto aja ayamba kutuluka mmodzimmodzi.

Ginnery_Corner_Boy:
Inenso mundiwerengere. Koma 3 koloko yake ikhale 3 koloko, osati ya NdirandeExpress imene imafika hafu 4.

Minibasi_Sindikwera:
Lachiwiri ndikudikirirani pa Maselema 5:15 achimwene, tidzatsikire limodzi mpaka pa Clock Tower, ine ndimakhotera ku Mbayani. Laputopu musiye kuofesi, imapweteka msana.